Leo Fender: wokonza wailesi yemwe adakuza mawu a gitala

Kukakhala ukwati kapena msonkhano wachitsitsimutso pa Bua, m'boma la Nkhotakota, zimachitika kuti anyamata akangolumikiza gitala ku ampulifaya, m'masipika mumayamba kung'ung'uza ngati mwalowa bemberezi, woimba asadakhudze n'komwe nsambo. Zikatero wina amathamanga kukaitana wokonza mawailesi.

Wokonzayo ndiye woyenera kumuitanadi, chifukwa munthu amene adathandiza kwambiri kuti gitala yamagetsi ifike pomwe ili lero adalinso wokonza mawailesi. Dzina lake ndi Leo Fender, ndipo chodabwitsa n'choti mwiniwakeyo sankatha kuimba gitala.

Clarence Leonidas Fender adabadwa pa 10 August 1909 m'chigawo cha California ku America. Makolo ake adali alimi a malalanje. Ali ndi zaka 8 adachotsedwa diso lakumanzere kaamba ka chotupa, ndipo adamuika lagalasi.

Chidwi cha zamagetsi chidamulowa atakacheza kwa mbale wawo, John West, yemwe ankakonza magetsi a galimoto ku Santa Maria. Kumeneko adaona wailesi yomwe mkuluyo adalumikiza yekha ndi zipangizo zotolatola. Pobwerera kwawo, mnyamatayu adayamba kumasula ndi kukonza mawailesi pakhomo pa makolo ake.

Kusukulu Fender adaphunzira zowerengera ndalama, osati zamagetsi. Adakwatira Esther mu 1934, koma ntchito siinkakhalitsa poti chuma cha America chidali chitalowa pansi. Mu 1938 adabwereka ndalama zokwana madola 600 n'kutsegula kashopu kotchedwa Fender Radio Service mumzinda wa Fullerton. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itabuka, sadamutenge kuusilikali chifukwa cha diso lija, choncho adapitiriza ntchito yake.

Oimba a m'deralo ankabwera kudzabwereka zimkuzamawu komanso kudzakonzetsa maampulifaya awo. Masiku amenewo mawu ankakuzidwa ndi timababu tagalasi totchedwa ma valve, tomwe timayaka ndi kutentha mkati. Fender ankamvetsera madandaulo a oimbawo, n'kumaona chomwe chimafa msanga ndi chomwe chimavuta kusintha.

Atagwirako ntchito ndi mnzake Doc Kauffman, mu 1946 adayamba kupanga zipangizo m'dzina lake. Nzeru za wokonza sadazitaye. Khosi la gitala ankalimanga ndi masikuluwu kuti likapindika munthu angochotsa n'kuikapo lina. Mkati mwa ampulifaya ankayala zipangizo pamzere kuti wokonza aliyense azitha kuzitsata ndi maso.

Gitala yake yomwe idadzatchedwa Telecaster idatuluka mu 1950, Precision Bass mu 1951, ampulifaya ya Bassman mu 1952, ndipo Stratocaster mu 1954. Ku London, Jim Marshall adatengera kalumikizidwe ka Bassman popanga ampulifaya yake yoyamba mu 1962. Kaampulifaya kakang'ono ka Fender kotchedwa Champ, ka ma valve atatu okha, ndiko ambiri ofuna kudzipangira yawo kunyumba amayambira mpaka lero.

Koma bemberezi uja sadamusiye. Phokosoli limachokera kumagetsi a m'nyumba, omwe amasinthasintha mbali ka 60 pasekondi ku America, pomwe kuno kwathu ndi ka 50. Kachipangizo kotola mawu pagitala, komwe oimba amati pickup, ndi maginito okulungidwa ndi waya woonda ngati tsitsi, ndipo wayayo amatolanso kunjenjemera kwa magetsi kuchokera kumathiransifoma ndi nyali zapafupi.

Mankhwala ake adali kuika mikulungo iwiri ya waya yoyang'ana mosemphana, kuti phokoso la wina lizimitse la mnzake, nyimbo yokha n'kudutsa. Ku kampani ya Gibson njirayi idabwera ndi Seth Lover, ndipo idaoneka pamagitala awo mu 1957. Chaka chomwecho Fender adagawa pawiri pickup ya Precision Bass ndi cholinga chomwecho.

Mkati mwa ampulifaya namo muli magwero ena a phokosoli: makapasita okalamba omwe aleka kusefa magetsi, waya wa ethi womasuka, kapena mawaya otenthetsa ma valve akadutsa pafupi ndi polowera mawu a gitala. N'chifukwa chake mawaya amenewa amawapota awiriawiri n'kuwadutsitsa kutali. Wokonza wodekha amayamba wazula chingwe cha gitala. Phokoso likatha, vuto lili kugitala kapena kuchingwe. Likapitirira, lili mkati.

Apa makolo achenjere ndi ana okonda kumasula zinthu. Ampulifaya ya ma valve imakhala ndi mphamvu yoposa mavoti 300, ndipo makapasita amatha kuisunga ngakhale mutazula pulagi. Ikhoza kupha munthu. Kudula waya wa ethi pofuna kuthetsa phokoso n'kuika moyo wa woimba pachiswe.

Mu 1965, thanzi lake litavuta, Fender adagulitsa kampani yake kwa CBS pamtengo wa madola 13 miliyoni. Koma manja ozolowera ntchito sakhala. Adadzapanganso zipangizo ku Music Man, kenaka adayambitsa kampani ya G&L ndi mnzake wakale George Fullerton. Esther adamwalira mu 1979, ndipo chaka chotsatira adakwatira Phyllis.

Ngakhale adagwidwa ndi matenda onjenjemeretsa thupi a Parkinson, mkuluyu ankapitabe kuntchito mpaka masiku ake omaliza. Adamwalira pa 21 March 1991 ku Fullerton komweko ali ndi zaka 81.

Magitala ambiri omwe amalira m'matchalitchi ndi m'maukwati kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Salima, ngakhale otchipa olembedwa maina ena, adatengera maonekedwe a Stratocaster ndi Precision Bass. Zonsezi zidayambira pathebulo la wokonza mawailesi wa diso limodzi, yemwe ankadziwa kumvetsera anthu omubweretsera katundu wowonongeka.