AMBUYE ADAM KOZLOWIECKI: MKULU AMENE ANATULA MPANDO NAKHALA WANCHITO

Pakati pa Akatolika okalamba a m'makomboni a mu Lusaka, monga ku Chaisa, Matero, Kanyama ndi Chawama, alipo ambiri amene akumbukirabe dzina la malemu Adam Kozlowiecki, Bishopu Wamkulu woyamba wa Lusaka. Mbiri yao ndi yofunika kuti aliyense wokhala ndi udindo aimve, kaya ndi nyakwawa, mphunzitsi wamkulu kapena wapampando wa kabungwe ka alimi.

Iwo anabadwa pa 1 Epulo 1911 m'dziko la Poland, m'banja la eni minda ikuluikulu. Mu 1929 anasiya cuma ca makolo nalowa m'gulu la Ajezuiti, ndipo anadzozedwa unsembe mu 1937. Koma nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itabuka, apolisi a Hitler anawagwira mumzinda wa Krakow mu Novembala 1939. M'caka cotsatira anawatumiza kundende yoopsa ya Auschwitz, pambuyo pake ku Dachau, kumene anakhala kufikira asilikali a ku America atawamasula pa 29 Epulo 1945.

Kwa zaka zoposa zisanu mwana wa banja lolemerayo anagona ndi njala, anagwira nchito yakalavulagaga, naona anzake akufa. Kumeneko anaona ndi maso ao zimene munthu waulamuliro amacita akaiwala kuti amene ali pansi pake ndi anthu anzake.

Atatuluka m'ndende, akuluakulu a gulu lao anawatuma ku Northern Rhodesia. Anafika mu 1946 nayamba nchito pa mishoni ya Kasisi, kufupi ndi Lusaka, kumene anaphunzitsa, kuyang'anira masukulu ndi kuyendera midzi. Mu 1950 anapatsidwa udindo woyang'anira dera la mpingo la Lusaka, mu 1955 anadzozedwa ubishopu, ndipo mu 1959 anakhala Bishopu Wamkulu.

Zaka zimenezo zinali za Citaganya, pamene munthu wakuda ankagula nyama pawindo la sitolo, mzungu ali kulowera pakhomo. Anthu anali kucoka kumidzi kudzafuna nchito mumzinda, ndipo makomboni anali kukula. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ambuye Kozlowiecki anaima poyera kutsutsa tsankho la khungu, ngakhale kuti azungu ena sanakondwe nazo. Anayambitsanso gulu la masisitere a ciAfirika, kuti nchito ya m'masukulu ndi m'zipatala ikhale m'manja mwa ana a dziko lino.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, iwo anaona kuti nthawi yakwana yakuti mwana wa Zambia atsogolere mpingo wa mu Lusaka. Anapempha Papa kuti awalole kutula pansi udindo, ndipo pempho lao linavomerezedwa mu 1969. M'malo mwao munalowa Bambo Emmanuel Milingo, ocokera ku Chipata. Pa nthawiyo Ambuye Kozlowiecki anali ndi zaka 58 cabe, mphamvu zikali m'thupi. Palibe amene anawakankha pampandowo.

Ena akadabwerera kwao ku Ulaya kukapuma, kapena kukhala mumzinda nkumalamulira wolowa m'malo mwao mwakabisira. Iwo ananyamula katundu wao napita ku Chingombe, m'cigwa ca Luano, kumalo ovuta kufikako makamaka m'nyengo ya dzinja. Munthu amene dzulo anali kukhala pamodzi ndi mabishopu a dziko lonse pa msonkhano waukulu wa ku Vatican, tsopano anali wansembe wamba, womvera amene kale anali pansi pake. Anatumikira m'mishoni zina zakumidzi, ndipo potsiriza anakhazikika ku Mpunde, m'Cigawo ca Pakati.

Mu Febuluwale 1998 Papa John Paul II anawakweza kukhala Kadinala, ali ndi zaka 86. Atalandira cisote cofiira ku Roma, anabwerera ku Mpunde komweko, napitiriza kutumikira alimi amene anali kukhala nao. Anamwalira mu Lusaka pa 28 Sepitembala 2007, ali ndi zaka 96, atakhala m'dziko lino zaka 61.

Anakhala Bishopu Wamkulu zaka 10, koma zaka zimene anatumikira atatula mpando zinali 38. Nkhani imeneyi ipereka funso kwa mtsogoleri aliyense, kumudzi ngakhale m'komboni: kodi alipo amene mukumuphunzitsa kuti adzalowe m'malo mwanu? Ndipo tsiku limenelo likadzafika, kodi mudzalola kugwira khasu pamodzi ndi anzanu, wina ali kutsogolo?