Percivall Pott, Sing'anga wa Nthenda ya Msana

Ananu, kapena munaonapo munthu wa linunda pa msika wa ku Balaka kapena wa ku Liwonde. Ena amati anamlodza, ena amati anagwa mu mtengo ali mwana. Koma nthawi zina linunda limadza ndi nthenda ya m'mafupa, ndipo munthu amene anaifotokoza bwino nthendayi ndiye Percivall Pott.

Pott anabadwira mu mzinda wa London, ku England, m'chaka cha 1714. Atate wake anamwalira iye akali wamng'ono. Atasinkhuka anaphunzira using'anga kwa Edward Nourse pa chipatala cha St Bartholomew, natumikira pomwepo kufikira 1787.

M'chaka cha 1756 anagwa pa kavalo nathyoka mwendo. Asing'anga anzake anafuna kuudula, koma mphunzitsi wake uja anawaletsa, ndipo mwendowo unapola. Ali chigonere chotero, anayamba kulemba mabuku a nthenda zimene anaziona.

Pa chipatalapo ankafika ana opindika msana, amene poyamba ankatopa msanga ndi kupunthwa poyenda, ndipo pambuyo pake miyendo yawo inkafa. Pott anawayang'anitsitsa, napenyanso mafupa a iwo amene anamwalira. Tsono m'chaka cha 1779 analemba kuti nthendayi imadya mafupa a msana kufikira atafumbwa, ndipo msana umagwera kutsogolo. Koma chimene chimadya mafupawo sanachidziwe, ndipo anamwalira mu 1788 asanapeze mankhwala ake. Kufikira lero asing'anga amaitcha nthenda ya Pott.

Mu 1882 Robert Koch wa ku Germany anapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu. Kachilombo komweko ndiko kamayenda ndi mwazi kuchokera m'mapapo, nikakhazikika mu msana. Masiku ano madotolo amajambula msana ndi makina, napima mafinya, ndipo wodwala amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku miyezi yambiri osalekeza. Mankhwalawo ndi aulere m'zipatala za boma.

Chifukwa chake mnzanu akamva msana kuwawa milungu yambiri, naonda, natuluka thukuta usiku, uzani makolo ake apite naye msanga ku chipatala cha Machinga kapena cha Balaka. Wofika msanga amachira. Wochedwa, kachilombo kangafe ndithu, koma msana umene unapindika kale suwongoka ndi mankhwala akumwa.