Dambudzo Marechera: Mlakatuli wa Anthu Ogona pa Mabenchi

Kuno ku Ludzi tidakula tikumva za achibale amene adatchona ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Obwerako ankatiuza za masuti ndi njinga. Za amene mzinda udawalavula sankanena kanthu. Amene adalemba za anthu otere ndi malemu Dambudzo Marechera.

Iye adabadwa pa 4 Juni 1952 ku Vengere, komboni ya ku Rusape. Bambo ake, amene ankagwira ntchito kunyumba yosungirako mitembo, adamwalira pangozi ya galimoto iye akadali mnyamata, ndipo banjalo lidalowa mu umphawi wadzaoneni. Nzeru zokha ndizo zidamutengera kusukulu ya mishoni ya St Augustine's ku Penhalonga. Mu 1973 adachotsedwa pa University of Rhodesia chifukwa cha zionetsero za ophunzira. Ku New College, Oxford, nakonso adachotsedwa mu 1976, nayamba kugona paliponse pamene mdima wamupeza.

M'masiku ovutawo ndimo adalemba The House of Hunger, buku limene lidatuluka mu 1978 ndi kupata mphotho ya Guardian mu 1979. M'menemo komboni ilibe zodzoladzola: muli njala, nkhanza za m'nyumba, amayi oyendayenda ndi ana okulira pa dzala.

Atabwerera kwawo mu 1982 adapeza dziko likusangalalira ufulu, iye nakana kuvina nawo. Buku lake Black Sunlight lidali litaletsedwa kwa kanthawi mu 1981. Ankakhala ndi taipi yake pa mabenchi a m'mapaki a mu Harare, pakati pa zidakwa, malova ndi anthu osowa pogona, ndipo m'menemo mudatuluka Mindblast mu 1984. Funso lake lidali lowawa: ufuluwu wamufika bwanji munthu wogona panja?

Sitikumuyesa woyera mtima ayi. Ankamwa mowa mwauchidakwa, ankayambana ndi omuthandiza, ndipo zolemba zake zina n'zovuta kuziwerenga pamaso pa ana. Koma m'kuona kwathu, pamene alembi ambiri amaonera osauka pawindo, iye ankagona nawo pamodzi, n'chifukwa chake sawalemba ngati anthu ongomvetsa chisoni koma ngati anthu oganiza ndi okwiya.

Adamwalira ku Harare pa 18 Ogasiti 1987 ndi chibayo chobwera ndi Edzi, ali ndi zaka 35. Ndakatulo zake adazisonkhanitsa Flora Veit-Wild m'buku la Cemetery of Mind mu 1992.