August Musarurwa, Mwini Nyimbo ya Skokiaan

Masiku amene amuna a kwa Mposa, a ku Liwonde ndi a ku Balaka ankapita ku Halale kukafuna ntchito, ena pa sitima ndipo ena pansi kudzera ku Tete, munthu wobwerako ndi galamafoni ndi mbale zake ankayesedwa wopambana anzake. Mwa nyimbo zonse zimene zinatchuka m'makomboni a ku Southern Rhodesia nthawi imeneyo, imodzi yokha ndiyo inaoloka nyanja nikapikisana ndi nyimbo za Azungu kwawo komwe. Nyimboyo ndi Skokiaan, ndipo mwini wake anali a August Musarurwa.

A Musarurwa anali Mshona wa m'boma la Zvimba. Ataphunzira pa sukulu ya Marshall Hartley anapita ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare, nagwira ukalaliki pa kampani ina ya fodya. Pambuyo pake analowa upolisi, m'gulu la British South Africa Police, kumene poyamba anali womasulira. Koma posakhalitsa anawasamutsira ku gulu loimba la apolisi, ndipo kumeneko dzanja lawo linazolowera lipenga lija lotchedwa saxophone. Nkhondo yachiwiri itatha anavula zovala za upolisi napita ku Bulawayo kukalowa ntchito ku Cold Storage Commission, bungwe la Boma logula ng'ombe ndi kusunga nyama. Bungweli linali ndi gulu loimba la antchito ake, ndipo iwo ndiwo analitsogolera.

Dzina la nyimboyi liyenera kumasuliridwa. Skokiaan unali mowa woletsedwa wa m'makomboni a ku Joni ndi ku Rhodesia, wofululidwa mobisa ndiponso mofulumira, nthawi zina wothiridwa zinthu zoononga thupi kuti ukalipe. Akuluakulu a mizinda ankafuna kuti munthu wakuda azimwera m'nyumba za mowa za kansolo zokha, pakuti phindu lake linali lawo. Motero amayi ofulula ankakhala maso ali kunjira kuopa apolisi, monga momwe otcheza kachasu kwathu kuno ankachitira. Nchodabwitsa ndithu kuti munthu amene anadya ndalama za upolisi ndiye anachititsa kuti dzina la mowa umenewu lidziwike pa dziko lonse.

Gululo linajambula nyimboyi ndi kampani ya Gallo ya ku Johannesburg patangopita zaka zochepa nkhondo itatha. Inalibe mawu. Lipenga linkatsogolera, banjo ndi ng'oma zikuvomera, pa mayimbidwe ovinika otchedwa tsaba-tsaba. M'chaka cha 1954 mbaleyo inatulukanso, gululo likutchedwa tsopano Bulawayo Sweet Rhythms Band, ndipo kampani ya London Records inaifalitsa ku America. Muulutsi wina wa pa wailesi mu mzinda wa Cleveland, Bill Randle, anaikonda naiika pa mphepo kawirikawiri, ndipo anzake a m'mizinda ina anatsatira.

Ku America kuli nyuzipepala ya malonda a nyimbo yotchedwa Billboard, imene sabata ndi sabata imandandalika nyimbo monga momwe zikugulidwira ndi kumvedwera. Mwambo wa makampani masiku amenewo unali wakuti akaona nyimbo yayamba kuyenda malonda, aliyense ankathamangitsa woimba wake kukaijambulanso, kuti adye nawo chakudya chisanazizire. Zinateronso ndi Skokiaan. M'miyezi yochepa ya chaka chomwecho panatuluka mbale zambiri za nyimbo imodzi yomweyi. Ya Ralph Marterie ndi gulu lake, ya kampani ya Mercury, inakwera kufika pa nambala 3. Ya anyamata anayi a ku Canada, The Four Lads, ya kampani ya Columbia, inafika pa nambala 7. Louis Armstrong, mfumu ya lipenga, anaijambula ndi kampani ya Decca mbali zonse ziwiri za mbale. Mbale ya eni ake a ku Bulawayo inaima pa nambala 17. Ena angaone ngati malo amenewa ndi otsika, koma tikumbukire kuti awa anali antchito a ku nyumba ya nyama, okhala pansi pa Chitaganya chimene chinali chitangoyamba mu 1953, opanda munthu wowalankhulira ku New York.

Chimene sitichiyamikira ndi mawu a Chingerezi amene Tom Glazer anaikamo. Iye anasandutsa nyimbo yotchedwa ndi dzina la mowa wa anthu osauka a m'tauni kukhala chithunzi cha Afrika wa chisangalalo chokhachokha, wopanda chiphaso, wopanda msonkho, wopanda wapolisi pakhomo. Ambiri amene anavina nyimboyi kunjako sanadziwe konse tanthauzo la dzina lake. Nalonso dzina la mwini wake linalembedwa pa mbale kuti Msarurgwa, komabe linalembedwa. Solomon Linda wa ku South Africa, amene anajambula Mbube ndi kampani yomweyi ya Gallo mu 1939, anamwalira ali wosauka mu 1962 nyimbo yake italemeretsa ena, ndipo ana ake anapeza chilungamo mu 2006, atakafika kubwalo la milandu.

Nyimboyi siinathere mu 1954. Pérez Prado, Bill Haley, Bert Kaempfert wa ku Germany ndi Hugh Masekela wa ku South Africa onse anaijambula, aliyense m'njira yake, mpaka inasanduka imodzi mwa nyimbo zofatsa zoimbidwa m'mahotela ndi pa wailesi madzulo.

M'mwezi wa November 1960 Louis Armstrong anafika ku Southern Rhodesia pa ulendo wake wozungulira Afrika, ndipo oimba malipenga awiriwa anaonana maso ndi maso. Armstrong anawaitana kuti akacheze ku America, koma ulendowo sunachitike, pakuti akazi awo a Musarurwa anamwalira mu 1962. Iwo eni anatsikira kuli chete mu 1968, dziko lawo likali m'manja mwa Ian Smith, naikidwa kwawo ku Zvimba.