René Descartes: katakwe wa masamu amene ankadana ndi kulawirira

Ophunzira akusekondale pa Phalombe Boma akamakonzekera mayeso a MSCE, ambiri amagwira njakata ndi timanambala tija timakhala pamwamba pa zilembo, monga a³. Ndi angati amadziwa mkulu amene adafalitsa kalembedwe kameneka?

Mkuluyo ndi René Descartes. Adabadwa pa 31 Malichi 1596 m'tauni ya La Haye ku France, ndipo mayi ake adamwalira iye ali ndi chaka chimodzi chokha. Adakula ali wodwaladwala, moti akuti kusukulu ya ansembe Achijezwiti ku La Flèche ankamulola kudzuka dzuwa litakwera, chizolowezi chomwe adakalamba nacho.

Atatenga digiri ya zamalamulo ku Poitiers mu 1616, ntchito yauloya sadayigwire. Adakalowa usilikali ku Breda mu 1618, ndipo pambuyo pake adakhala ku Netherlands zaka pafupifupi 20 akungolemba.

Mu 1637 adatulutsa buku la La Géométrie. Akatswiri ambiri am'mbuyomo, monga François Viète, ankalemba masamu posakaniza zilembo ndi mawu Achilatini. Descartes adadula njira. Nambala zodziwika adazipatsa zilembo a, b ndi c, zosadziwika x, y ndi z. Chilembo chikadzichulukitsa chokha katatu ankangoika ka 3 pamwamba pake.

Ubwino wake nawu. Pochulukitsa a³ ndi a², ma a onse alipo asanu, choncho mumangophatikiza 3 ndi 2 n'kupeza a⁵. Pogawa a⁵ ndi a² mumachotsera, ndipo patsala a³. Maganizowa sadayambe ndi iye, pakuti Archimedes adawaona kale zaka zoposa 1,800 m'mbuyomo, koma Descartes ndiye adawaika poti diso n'kuona msanga. Choseketsa n'chakuti mwiniwakeyo nthawi zambiri ankalemba aa m'malo mwa a².

Njondayi inkayenda mosamala. Itamva kuti Galileo wazengedwa mlandu ku Rome mu 1633 chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, idabisa buku lake lonena zomwezo. Komabe mu 1663 Mpingo wa Katolika udaika mabuku ake pamndandanda wa oletsedwa. Chisoni chachikulu chidamugwera mu 1640 pomwe mwana wake wamkazi, Francine, adamwalira ali ndi zaka zisanu.

Mu 1649 Mfumukazi Christina ya ku Sweden idamuitanira ku Stockholm kuti azikayiphunzitsa. Tsoka ilo, mfumukaziyo inkafuna maphunziro 5 koloko m'mawa. Amene amadandaula ndi chisanu cha mu Juni m'tsinde mwa phiri la Michesi aganizire dziko lomwe madzi amaundana, munthu wake wozolowera bulangete mpaka masana!

Descartes adadwala chibayo ndipo adatsikira kulichete pa 11 Febuluwale 1650 ali ndi zaka 53. Mafupa ake adawasamutsira ku Paris, koma chibade cha mutu wake chili pachokha m'nyumba yosungiramo zakale ya Musée de l'Homme.