Clements Kadalie wa ku Chifira ndi Ndakatulo ya Umbombo

Pamene ndinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyesera kuphunzitsa m'sukulu za kufupi ndi dambo la Limphasa, ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ina ya Sitandade 8 ndi kumvetsera phunziro la ndakatulo. Ndakatuloyo inali kunena za munthu amene anatseka nkhokwe zake m'chaka cha njala, anzake akudya mizu ya kuthengo. Mphunzitsi atafunsa tanthauzo lake, ana onse anayankha pamodzi kuti umbombo ndi woipa. Iye anakondwera, nalemba yankholo pa bolodi, phunziro n'kuthera pomwepo. Palibe amene anafunsa kuti mwini nkhokwe uja anali kuwopa chiyani, kapena kuti anjala aja akadatani nkhokweyo ikadagwera m'manja mwawo. Pobwerera ndinakumbukira munthu wina wa m'mbali mwa nyanja yomweyo, amene mbiri yake ikadatha kutsegula ndakatuloyo, ndipo ndiye ndifuna kukufotokozerani, inu aphunzitsi a maŵa.

Clements Kadalie anabadwa m'chaka cha 1896 m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi mishoni ya Bandawe. Bambo wake anali Musa Kadalie Muwamba, wa ku banja la Chiweyu, mfumu ya Atonga. Mishoni ya Bandawe inatsegulidwa mu 1881, choncho mwanayu anakula sukulu ili pakhomo. Atamaliza kumeneko anakwera ku Khondowe, ku sukulu yaikulu ya Livingstonia, natsiriza maphunziro a uphunzitsi ali ndi zaka 16 zokha. Anali mnzathu pa ntchito ya choko, ngakhale sanakhalitse nayo.

Masiku amenewo ku Utonga kunali kuŵerenga kochuluka koma ndalama zochepa. Msonkho wa nyumba unali kufunika chaka ndi chaka, malipiro a mphunzitsi wa kumudzi sanali okwanira, ndipo amuna ambiri anali kutsikira ku Halale ndi ku Joni, ena osabwereranso, n'kusanduka matchona. Kadalie naye ananyamuka mu 1915. Anagwira ntchito pang'ono m'munda wa thonje ku Mozambique, kenaka anakhala kalaliki ku migodi ya Shamva ndi Falcon ku Southern Rhodesia, ndiponso mu ofesi ina ku Bulawayo. Ukalaliki wa pamgodi unamuwonetsa zimene wokumba pansi sakadaziwona: ndiye anali pafupi ndi mabuku, nawona kusiyana kwa malipiro a mzungu ndi a munthu wakuda. Mu 1918 anafika ku Cape Town.

Iye mwini anasimba kuti tsiku lina wapolisi anamukankha kumuchotsa m'mbali mwa msewu, ndipo mzungu wina wandale za apantchito, A. F. Batty, anawona zimenezi nayamba kucheza naye. Kudziŵana kumeneku ndiko kunabala bungwe la Industrial and Commercial Workers' Union, lotchuka ndi dzina lalifupi la ICU, mu Januwale 1919. Linayamba ndi anthu 24, ambiri a iwo onyamula katundu padoko.

Apa ndiye pamene pali nkhokwe ya m'ndakatulo ija. Nkhondo yaikulu itatha mu 1918, mitengo ya zakudya ku South Africa inakwera koposa, koma amalonda anali kutumizabe chakudya kunja chifukwa kumeneko ndiko kunali phindu. Amene anali kusenza matumbawo ndi kuwakweza m'sitima anali anthu omwe aja osoŵa chophikira ana awo. Mu Disembala 1919 amuna pafupifupi 2,000 ananyanyala ntchito padoko la Cape Town kwa masabata aŵiri, akufuna zinthu ziŵiri: kuti chakudya chisatuluke m'dziko, ndi kuti malipiro akwere. Azungu apantchito amene anawalimbikitsa poyamba anawasiya okha pakati panjira, ndipo malipiro sanakwere nthaŵi yomweyo. Anadzakwera mu 1920. Boma linalamula kuti Kadalie apirikitsidwe m'dzikomo kumapeto kwa chaka chimenecho, koma lamulolo linafafanizidwa lisanagwire ntchito.

Zaka zotsatira bungwelo linafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Linakhala ndi nyuzipepala yakeyake, Workers' Herald, ndipo likulu lake linasamukira ku Johannesburg. Chodabwitsa n'chakuti Kadalie sanali kulankhula Chizulu, Chikhosa kapena Chisutu. Anali kulankhula Chingerezi cha ku Livingstonia, womasulira ali pambali pake, komabe makamu anali kukhala padzuŵa kumumvetsera. Pofika 1927 bungwelo linali kunena kuti lili ndi mamembala 100,000. Ambiri mwa atsopanoŵa sanali a m'tauni ayi, koma okhala pa mafamu a azungu ku Natal, Transvaal ndi Orange Free State, amene lamulo la malo la 1913 linawasandutsa alendo pa nthaka ya makolo awo. Iwo anali kupereka timashereni tawo ndi kulandira khadi lofiira, ambiri akukhulupirira kuti khadilo lidzawabwezera minda. Chaka chomwecho Kadalie anapita ku Geneva ndi ku Britain kukalankhulira apantchito akuda.

Mphunzitsi wofulumira akhoza kuimira pomwepa, nati wambombo tamupeza, wozunzika tamupeza, ngwazi nayi. Koma mbiriyi ipitirira. Ndalama zitayamba kuloŵa zambiri, mabuku ake sanasungidwe bwino. Zina zinathera kwa maloya ndi m'makhoti, zina m'malipiro ndi maulendo a akuluakulu, zina zinangosoŵa m'manja mwa alembi a nthambi. Anthu a pa mafamu aja, eni malo atamva kuti aloŵa ICU, anathamangitsidwa pamodzi ndi ziŵeto zawo, ndipo bungwe linalibe poti n'kuwaika. Atsogoleri anayamba kulimbirana mipando. Mu Disembala 1926 Kadalie anachotsa a chipani cha Komyunisiti, ena mwa iwo anali ogwira ntchito molimbika kuposa onse. Mu 1928 A. W. G. Champion anapatuka ndi chigawo cha Natal, chimene chinali kubweretsa ndalama zambiri. William Ballinger, amene anachokera ku Scotland chaka chomwecho kudzakhala mlangizi, anapeza thumba liri lobooka, nayambana ndi Kadalie, ndipo kuchiyambi kwa 1929 Kadalie anatuluka m'bungwe limene analiyambitsa yekha.

Ine sindiwona chifukwa chomutchulira wakuba, ndiponso sindingamuyeretse. Anali munthu wokonda ulemu ndi wosapirira kutsutsidwa, ndipo nkhokwe itakhala m'manja mwake sanaisamale monga anayenera. Komanso alembi a nthambi aja ambiri anali aphunzitsi ndi makalaliki amene anasiya ntchito zawo, opanda kwina kopezera chakudya. Kodi mlembi amene wadya shereni ya msonkho wa bungwe ana ake atagona ndi njala timuike mbali iti ya ndakatulo? Funso lotere ndilo lifunika m'kalasi. Mwana wa ku Limphasa adziŵa bwino kusiyana kwa mayi wobisa thumba la mpunga kuti adzadye ndi ana ake m'Febuluwale, ndi wamalonda wogula mpunga motchipa pa nthaŵi yokolola kuti adzaugulitse modula kwa omwe anaulima. Onse aŵiri atseka nkhokwe. Muwafunse ana kuti mlakatuli akunena uti, ndipo akusonyezeni mawu a m'ndakatulo amene awatsimikizira zimenezo. Muwafunsenso kuti akulankhula m'ndakatuloyo ndani, ali kunja kwa nkhokwe kapena m'kati. Akasiyana maganizo musathamangire kulemba pa bolodi.

Kadalie anayambitsa bungwe lina, Independent ICU, nakhazikika ku East London. Kumeneko mu Januwale 1930 anatsogolera kunyanyala kwina kwakukulu, kumene kunayambira kwa ogwira ntchito kunjanji ndi padoko, ndipo chifukwa cha ichi anakhala m'ndende. Kuchokera apo dzina lake silinamvekenso dziko lonse monga kale, koma anapitiriza kulankhulira anthu a m'malokeshoni a mzindawo pa nkhani za lendi ndi malipiro. Anamwalira ku East London mu Novembala 1951, ali ndi zaka 55. Buku la mbiri yake limene analemba yekha, My Life and the ICU, linakhala zaka zambiri lisanasindikizidwe, ndipo linatuluka ku London mu 1970.