Alessandro Anzani, Mmisiri wa Injini za Ndege

Ana a ku Dowa ndi ku Ntchisi amaona ndege zikudutsa pamwamba pa mapiri popita kukatera ku bwalo la Kamuzu, ku Lumbadzi. Ndege zimenezi n'zazikulu ndi zamphamvu. Koma ndege zoyamba zinali zazing'ono, zopangidwa ndi matabwa, nsalu ndi mawaya. Mmodzi mwa amisiri amene anazipangira injini anali Alessandro Anzani.

Anzani anabadwa m'chaka cha 1877 pafupi ndi mzinda wa Milan, m'dziko la Italy. Ali mnyamata anasamukira ku France, kumene anatchuka pa mipikisano ya njinga zopalasa ndi zamoto. Pambuyo pake anatsegula nyumba yopangiramo injini za njinga zamoto pafupi ndi Paris.

Masiku amenewo opanga ndege anali pa vuto. Injini yolemera inkalepheretsa ndege kunyamuka, pamene yopepuka inkatentha msanga ndi kuzima ili m'mwamba. Anzani anapanga injini yopepuka ya zipinda zitatu zoyakiramo mafuta. Zipindazo zinatambasuka ngati zala zitatu, ndipo mphepo inkaziziziritsa popanda madzi.

M'chaka cha 1909 nyuzipepala ya ku London yotchedwa Daily Mail inali italonjeza mapaundi 1,000 kwa munthu woyamba kuoloka pa ndege nyanja ya pakati pa France ndi England. Hubert Latham anayesa, koma injini yake inazima, nagwera m'madzi. Mwamwayi anapulumutsidwa.

Louis Blériot anali ataika injini ya Anzani m'ndege yake. M'mamaŵa pa 25 Julaye ananyamuka pafupi ndi Calais. Pansi pake panali madzi okhaokha, ndipo moyo wake unadalira kainjini kaja. Koma sikanazime. Zisanakwane mphindi 40, Blériot anatera ku Dover. Mbiri ya Anzani inamveka m'maiko ambiri.

Anzani sanakhutire ndi zimenezi. Anakonzanso injini yake, nayala zipinda zija mozungulira, motalikirana mofanana ngati mafuwa atatu pamoto. Motero injini inkayenda bwino, osanjenjemera kwambiri. Kenaka anapanga za zipinda 6, 10 mpaka 20, zooneka ngati masipoko a njinga. Anthu ambiri anaphunzira kuuluka pa ndege za injini zake.

Anzani anamwalira ku France m'chaka cha 1956. Ntchito imene anaiyamba pa njinga inathandiza anthu kuoloka nyanja.

Mafunso

1. Kodi Anzani anabadwira kuti?
2. Opanga ndege zoyamba anali pa vuto lanji?
3. Chinamchitikira Latham nchiyani?
4. Nchifukwa ninji injini ya Anzani yafanizidwa ndi mafuwa?